RUGBY M'KABWE: NCHITO YA PROP NDI NJIRA IMENE WOSEWERA WACINYAMATA AMADUTSAMO

Mzinda wa Kabwe, likulu la cigawo capakati ca dziko la Zambia, umadziwika kwambiri ndi mpira wa miyendo cifukwa ca timu ya Kabwe Warriors ndi malemu Godfrey Chitalu, amene anagoletsa zigoli 107 m'caka ca 1972. Koma mumzindawu mumaseweredwanso rugby. Timu ya Green Eagles, yothandizidwa ndi bungwe la Zambia National Service, imapikisana ndi matimu a ku Lusaka ndi a ku Copperbelt m'mipikisano ya bungwe la Zambia Rugby Union.

Pa timu iliyonse ya rugby ya anthu 15 pali malo awiri ochedwa prop. Osewera pa malowa sachuka kawirikawiri, pakuti sindiwo amathamanga ndi mpira kukagoletsa, koma popanda iwo masewera enieni sangacitike. Ndiwonso amatenga zaka zambiri kuti akhwime kuposa osewera ena onse. Nkhani ino ikufotokoza nchito ya prop, mbiri ya rugby m'dziko lino, ndi njira imene anyamata a ku Ireland amadutsamo kuti akhale maprop olipidwa, poiyerekeza ndi njira imene mnyamata wa m'Kabwe ali nayo.

Kodi prop ndani?

Timu ya rugby imagawidwa pawiri. Osewera 8 ndi akutsogolo, amene nchito yao ndi kulimbirana mpira, ndipo 7 ndi akumbuyo, amene amathamanga nao. Wosewera akaponyera mnzake mpira kutsogolo, kapena ukampulumuka m'manja n'kugwera kutsogolo, woweruza amaimitsa masewera ndipo amayambidwanso ndi scrum. Pa scrum akutsogolo 8 a timu iliyonse amakolowekana mikono, kuwerama, ndi kugundana mapewa ndi anzao a timu ina. Mpira umalowetsedwa pampata wa pakati pao, ndipo mbali iliyonse imakankha kuti iutenge.

Mzere woyamba wa scrum uli ndi anthu atatu. Wapakati, wovala nambala 2, amachedwa hooker, ndipo ndiye amakokera mpira kumbuyo ndi phazi. Kumanzere kwake kuli nambala 1 ndipo kumanja kuli nambala 3. Awiriwa ndiwo maprop. M'Cingerezi liwuli limatanthauza mzati wocirikiza cinthu kuti cisagwe, ndipo ndi liwu lomwe anthu a m'migodi amachulira mitengo yogwiriziza denga la mgodi. Nchito ya prop ndi yomweyo: kugwiriziza hooker ndi scrum yonse kuti isagwe pamene mbali zonse ziwiri zikukankha.

Maprop awiriwa sacita nchito yofanana. Nambala 1 amachedwa loosehead cifukwa mbali ya kumanzere ya mutu wake imakhala panja pa scrum. Iye amayesetsa kulowa pansi pa cifuwa ca amene wayang'anizana naye kuti amusokoneze. Nambala 3 amachedwa tighthead cifukwa mutu wake umapanikizika pakati pa anthu awiri a timu ina, ndipo kulemera kumamutsikira pamapewa onse awiri. Iye amayenera kukhala wotsika, wowongoka msana ndiponso wosagwedezeka. Kaimikidwe ka mapazi ndi kagwiridwe ka manja n'kosiyana pa malo awiriwa, n'cifukwa cake ndi osewera ocepa okha amene amatha kusewera bwino mbali zonse.

M'matimu akuluakulu a padziko lapansi prop amalemera makilogalamu apakati pa 115 ndi 130, ndipo akutsogolo onse 8 pamodzi amafika pafupifupi makilogalamu 900. Kuwonjezera pa scrum, prop amanyamula mnzake m'mwamba kuti awakhe mpira woponyedwa kucokera pamzere wa m'mbali, amagwetsa adani, amawacotsa pampira umene uli pansi, ndiponso amathamanga ndi mpira pamene adani athithikana. Masewera amatenga mphindi 80, ndipo maprop ambiri amasinthidwa pakatha mphindi 50 kapena 60.

Malamulo oteteza khosi ndi msana

Scrum ikagwa molakwika munthu angathe kuthyoka khosi ndi kupuwala moyo wake wonse. Pa cifukwa cimeneci malamulo a bungwe la World Rugby amati munthu amene sanaphunzitsidwe nchito ya mzere woyamba asaikidwepo. Timu imene yalembetsa osewera 23 iyenera kukhala ndi anthu 6 odziwa nchitoyi. Ngati odziwa atha cifukwa covulala kapena kutulutsidwa, woweruza amalamula kuti scrum icitike popanda kukankhana, ndipo timu yolowetsa mpira ndiyo imautenga.

Kuyambira m'caka ca 2013 woweruza amapereka malamulo atatu scrum isanayambe: kuti osewera awerame, kuti maprop agwirane ndi anzao a timu ina, ndi kuti mapewa akumane. Kusinthaku kunacepetsa mphamvu imene mizere iwiri inali kugundana nayo kale. Kwa osewera osakwana zaka 19, timu siloledwa kukankha inzake mtunda wopitirira mita imodzi ndi theka.

Prop akagwetsa dala scrum kapena akakankha mopingasa, timu ina imapatsidwa mpira wacilango, umene ingamenye pakati pa mizati ndi kupeza mapointi 3. Akabwereza colakwaco angatulutsidwe kwa mphindi 10. Motero timu yofooka pa scrum imataya mapointi ngakhale akumbuyo ake atakhala aliwiro cotani. Izi zinaoneka poyera pa masewera omaliza a cikho ca dziko lonse m'caka ca 2019 ku Yokohama, pamene South Africa inagonjetsa England ndi mapointi 32 kwa 12. Prop wa England, Kyle Sinckler, anavulala masewera atangoyamba, ndipo kucokera pamenepo England inalangidwa mobwerezabwereza pa scrum.

Mmene rugby inafikira m'dziko lino

Rugby inabwera m'dziko lino ndi azungu ocokera ku South Africa ndi ku Britain amene anali kugwira nchito m'migodi, panjanji ndi m'boma la atsamunda. Makampani a migodi anamanga mabwalo ndi nyumba za makalabu, ndipo maina a matimu ambiri akali kukumbutsa mbiri imeneyi: Nchanga ku Chingola, Konkola ku Chililabombwe, Roan ku Luanshya, Mufulira, Chibuluma, ndi Diggers ku Kitwe. Bwalo la Roan Antelope ku Luanshya linachuka padziko lonse cifukwa ca mizati yake yotalika mamita 33, imene panthawi ina inali yaitali kuposa ina yonse.

M'masiku a atsamunda makalabu amenewa anali a azungu, ndipo osewera abwino a Northern Rhodesia anali kusankhidwa m'timu imodzi ndi a Southern Rhodesia. M'caka ca 1955 timu ya Lions, yopangidwa ndi osewera a ku England, Scotland, Wales ndi Ireland, inasewera ndi Rhodesia ku Kitwe. Kaputeni wa Lions paulendowo anali Robin Thompson wa ku Ireland. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, anthu akuda anayamba kulowa m'makalabu, ndipo m'kupita kwa zaka ndiwo anakhala eni masewerawa. Zambia inalowa m'bungwe loyendetsa rugby padziko lonse m'caka ca 1995, caka comwe masewerawa analoledwa kukhala nchito yolipidwa.

Pali osewera atatu ochuka amene anabadwira m'Zambia. George Gregan anabadwira ku Lusaka m'caka ca 1973, anasewerera Australia masewera 139 ndipo anali m'timu imene inatenga cikho ca dziko lonse m'caka ca 1999. Corné Krige anabadwiranso ku Lusaka m'caka ca 1975 ndipo anasewerera South Africa masewera 39. Pa mpikisano wa cikho ca dziko lonse wa 2003 awiriwa anali makaputeni a maiko ao. Dafydd James, wobadwira ku Mufulira m'caka ca 1975, anasewerera Wales ndi Lions. Onse atatu anakhwimira m'masukulu ndi m'makalabu a maiko ena, ndipo palibe mwa iwo amene anali prop.

Kabwe ndi Green Eagles

Kabwe ndi mzinda wa mgodi ndi njanji. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pamalowa m'caka ca 1902, ndipo anachedwa Broken Hill potengera mzinda wa migodi wa ku Australia. Njanji inafika m'caka ca 1906, dzina la Kabwe linakhazikitsidwa m'caka ca 1966, ndipo likulu la kampani ya Zambia Railways lili mumzindawu. Mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994. Anthu ambiri anataya nchito, ndipo zimene kampani ya ZCCM inali kucitira anthu pa nkhani za masewera zinatha. Makalabu a ku Copperbelt anakumana ndi vuto lofanana pamene migodi inagulitsidwa kwa makampani oima paokha, nchito imene inatsirizika m'caka ca 2000.

Pamene thandizo la migodi linali kucepa, matimu a magulu a citetezo ca dziko anakwera. Red Arrows ndi ya asilikali a m'mlengalenga, Green Buffaloes ndi ya asilikali a pamtunda, Nkwazi ndi ya apolisi, ndipo Green Eagles ndi ya Zambia National Service. Red Arrows inatenga cikho ca ligi kangapo motsatizana m'zaka za m'ma 2010. Cimene cimapatsa mphamvu matimu amenewa ndi cakuti wosewera waluso angathe kulembedwa nchito m'gululo, n'kumalandira malipiro a pamwezi. M'dziko limene rugby payokha silipira mokwanira kudyetsa banja, imeneyi ndiyo njira yoyandikira kwambiri ku nchito yolipidwa.

Kabwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka, pamseu wopita ku Copperbelt. Motero mzindawu uli pakati pa madera awiri amene muli makalabu ambiri a rugby, ndipo timu ya kuno imatha kufika mbali zonse ziwiri pa ulendo wa maola ocepa. Mumzindawu mulinso misasa ya asilikali, masukulu a sekondale ambiri, ndi mayunivesite a Kwame Nkrumah ndi Mulungushi, kumene kumasonkhana anyamata ndi atsikana a msinkhu woyenera masewerawa.

Njira ya ku Ireland

Ireland ndi citsanzo coyenera kuciyang'ana cifukwa ndi dziko la anthu ocepa. Cilumba conse cili ndi anthu pafupifupi 7 miliyoni, pamene kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 19 miliyoni m'Zambia. Komanso rugby sindiyo masewera oyamba kumeneko, pakuti ambiri amakonda masewera a makolo ao ndi mpira wa miyendo. Ngakhale zili tero, timu ya Ireland inakhala pamalo oyamba pa mndandanda wa World Rugby kuyambira mu Julayi 2022 mpaka mu Okutobala 2023.

Bungwe la Irish Rugby Football Union limayendetsa masewerawa pacilumba conse, kumpoto ndi kumwera. Pansi pake pali matimu anayi a zigawo: Leinster ku Dublin, Munster ku Limerick ndi Cork, Ulster ku Belfast, ndi Connacht ku Galway. Kuyambira m'caka ca 2021 matimuwa amasewera mu ligi imodzi ndi Bulls, Sharks, Stormers ndi Lions a ku South Africa, yochedwa United Rugby Championship. Mnyamata amayambira kusukulu kapena ku kalabu ya kwao, amasankhidwa m'timu ya cigawo ya msinkhu wake, kenaka amalowa m'sukulu ya timuyo ya zaka zitatu, kumene amapatsidwa aphunzitsi a scrum, odziwa za cakudya ndi madokotala. Osewera ofunika kwambiri amalipidwa ndi bungwe lalikulu, limenenso limaona kuti asasewere masewera opitirira muyeso pa caka.

Andrew Porter anadutsa njira imeneyi kucokera poyamba mpaka pamapeto. Anabadwa pa 16 Januwale 1996 ku Dublin, ndipo anaphunzira pa St Andrew's College. Mai ake anamwalira ndi khansa iye ali ndi zaka 12, ndipo atakula anakhala wothandiza bungwe la Irish Cancer Society. M'caka ca 2016 anali loosehead wa timu ya Ireland ya osakwana zaka 20 imene inagonjetsa New Zealand ndi mapointi 33 kwa 24 mumzinda wa Manchester, n'kufika pa masewera omaliza kumene inagonja kwa England. Caka comweco anayamba kusewerera timu yaikulu ya Leinster.

Panthawiyo Leinster inali kale ndi Cian Healy ndi Jack McGrath pa nambala 1, pamene pa nambala 3 panali kusowa anthu cifukwa Mike Ross anali kupuma. Aphunzitsi anasamutsira Porter ku nambala 3, ndipo anayambanso kuphunzira scrum ngati mlendo. Mu Juni 2017, ali ndi zaka 21, anasewerera Ireland koyamba polimbana ndi United States. M'caka ca 2018 anali m'timu ya Ireland imene inapambana masewera onse asanu a mpikisano wa Six Nations, ndiponso m'timu ya Leinster imene inatenga cikho ca makalabu a ku Ulaya pogonjetsa Racing 92 ndi mapointi 15 kwa 12 ku Bilbao. Komabe kwa zaka zinayi nthawi zambiri anali kulowa m'bwalo monga wolowa m'malo mwa Tadhg Furlong.

M'caka ca 2021 anasankhidwa m'timu ya Lions yopita ku South Africa, koma anavulala cala ca kuphazi ulendo usanayambe ndipo anatsala. Atacira anabwezeredwa ku nambala 1, ndipo apa ndi pamene anakhala woyamba kusankhidwa. Mu Julayi 2022 ku Dunedin anagoletsa kawiri pamene Ireland inagonjetsa New Zealand ndi mapointi 23 kwa 12, kupambana koyamba kwa Ireland pa timuyo m'dziko lakwao. M'caka ca 2023 Ireland inapambananso masewera onse a Six Nations, koma pa cikho ca dziko lonse ku France inagonja kwa New Zealand ndi mapointi 28 kwa 24 pa ndime ya matimu 8. M'caka ca 2025 Porter anatenga cikho ca United Rugby Championship ndi Leinster, ndipo anapita ku Australia ndi Lions, amene anapambana masewera awiri mwa atatu. Kucokera pa tsiku loyamba kusewerera Leinster kufika pa ulendo wa Lions panapita zaka 9.

Ocokera kumafamu

Si maprop onse a ku Ireland amene anacokera m'masukulu a mumzinda waukulu. John Hayes, mwana wa mlimi wa ku Cappamore m'boma la Limerick, anagwira mpira wa rugby koyamba ali ndi zaka 18 pa kalabu yaing'ono ya Bruff. Poyamba sanali prop. Anasamukira ku mzere woyamba pambuyo pake, ndipo anasewerera Ireland koyamba m'caka ca 2000 ali ndi zaka 26. M'caka ca 2010 anakhala munthu woyamba kusewerera Ireland masewera 100, ndipo anapuma m'caka ca 2011 atafikitsa 105.

Tadhg Furlong, wobadwa m'caka ca 1992, anakulira pafamu ku Campile m'boma la Wexford ndipo anayambira pa kalabu ya New Ross. Anasewerera Ireland koyamba m'caka ca 2015, ndipo anavala nambala 3 ya Lions pa masewera akuluakulu onse 9 a maulendo a 2017, 2021 ndi 2025. Cian Healy anapuma m'caka ca 2025 ali ndi zaka 37 atasewerera Ireland masewera 137, ciwerengero coposa ca wina aliyense m'mbiri ya dzikolo kufika caka cimeneco. Mbiri za anthuwa zikuonetsa zinthu ziwiri: prop angacokere ku kalabu yaing'ono ya kutali ndi likulu, ndipo akakhwima bwino amakhalitsa pa nchito yake zaka zoposa 10.

Citsanzo ca pafupi

Kumwera kwa mtsinje wa Zambezi kunacokera mmodzi wa maprop ochuka kwambiri m'mbiri ya rugby. Tendai Mtawarira anabadwira ku Harare pa 1 Ogasiti 1985 ndipo anaphunzira pa Churchill ndi Peterhouse m'dziko la Zimbabwe. Ali pasukulu anali kusewera kumbuyo kwa scrum. Atapita ku timu ya Sharks ku Durban, aphunzitsi anamuuza kuti tsogolo lake lili pa nambala 1, ndipo anavomera kuyambiranso. Anasewerera South Africa koyamba m'caka ca 2008, ndipo m'caka ca 2009 anachuka pamene anavutitsa Phil Vickery wa Lions pa scrum ku Durban. Anapuma m'caka ca 2019 atatenga cikho ca dziko lonse, atasewera masewera 117.

Mbiri ya Mtawarira ikuonetsa kuti matupi oyenera nchito ya prop alipo m'maiko a kuno. Ikuonetsanso kuti mnyamata wotere anafunika kucoka kwao kuti apeze aphunzitsi ndi malipiro, ndipo dziko limene linapindula naye ndi limene linamuphunzitsa.

Zambia pa masewera a anthu 7 ndi a anthu 15

Dzina la Zambia lamveka kwambiri pa rugby ya anthu 7, imene imaseweredwa pa bwalo lofanana koma mphindi 7 zokha mbali iliyonse. Timu ya dziko lino inasewera pa masewera a maiko a Commonwealth ku Gold Coast m'caka ca 2018 ndi ku Birmingham m'caka ca 2022, kumene inakumana ndi matimu akuluakulu monga New Zealand ndi Fiji. Pa masewera amenewa scrum imakhala ya anthu atatu mbali iliyonse ndipo imatha msanga. Cofunika ndi liwiro ndi mpweya, ndipo munthu wa makilogalamu 120 alibe malo.

Pa rugby ya anthu 15 zinthu n'zosiyana. Zambia sinafikepo pa mpikisano wa cikho ca dziko lonse. M'caka ca 2019 inalowa mu mpikisano wa Victoria Cup pamodzi ndi Zimbabwe, Kenya ndi Uganda, ndipo inathera pamalo omaliza pamene Zimbabwe inatenga cikho. Zimbabwe yomweyo, imene inasewera pa cikho ca dziko lonse m'zaka za 1987 ndi 1991, inagonjetsa Namibia ndi mapointi 30 kwa 28 ku Kampala mu Julayi 2025 ndi kupeza malo pa mpikisano wa 2027 ku Australia, umene udzakhala ndi matimu 24.

Timu ya anthu 7 ingasonkhanitsidwe m'miyezi yocepa kucokera mwa anyamata aliwiro amene alipo kale. Timu ya anthu 15 singapangidwe motero, cifukwa pa masewera alionse imafunika anthu 6 a mzere woyamba, ndipo aliyense wa iwo amatenga zaka kuti aphunzire.

Zimene prop wacinyamata amafunikira

Coyamba ndi mphunzitsi wodziwa scrum. Mnyamata amayamba ndi kuphunzira kuwerama msana uli wowongoka, mapewa asali pansi kuposa ciuno, ndipo mutu uli mzere umodzi ndi msana. Amayamba kukankhana ndi munthu mmodzi, kenaka atatu ndi atatu, mpaka kufika pa 8 ndi 8. Kulumpha ndime zimenezi n'kuika moyo wa mwana pangozi. Pulogalamu ya World Rugby yochedwa Get Into Rugby, imene yafika m'masukulu a m'dziko lino, imayambitsa ana ndi masewera osagwetsana, koma nchito ya mzere woyamba imafuna maphunziro ake apadera pambuyo pake.

Caciwiri ndi cakudya ndi zolimbitsa thupi. Thupi la prop limamangidwa ndi zitsulo zonyamula, kulimbitsa khosi tsiku ndi tsiku, ndi cakudya comanga thupi monga nyemba, nsawawa, soya, kapenta, mazira ndi mkaka pambali pa nsima. Zambiri mwa zakudyazi zimalimidwa m'cigawo capakati, koma banja limene likuvutika kupeza cakudya ca tsiku silingathe kudyetsa mnyamata wotere palokha.

Cacitatu ndi bwalo la udzu. Rugby imaseweredwa kwambiri m'miyezi yopanda mvula, pamene nthaka yauma, ndipo nsapato za prop ziyenera kuluma pansi kuti asaterereke. M'Kabwe nkhani ya udzu ili ndi kulemera kwina. Zaka pafupifupi 90 za mgodi zinasiya mtovu m'dothi la makomboni monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo ana amaumeza kudzera m'fumbi pamene akusewera. Mtovu umaononga ubongo ndi kakulidwe ka mwana. Bungwe la Human Rights Watch linafalitsa lipoti pa vutoli m'caka ca 2019, ndipo boma linayamba nchito yoyeza ndi kuciza ana ndi thandizo la World Bank limene linavomerezedwa m'caka ca 2016. Kuphimba nthaka ndi dothi labwino ndi udzu ndi imodzi mwa njira zocepetsera fumbili. Pa masewera amene ana amagwera pansi nthawi ndi nthawi, malo osewerera ayenera kusankhidwa mosamala.

Cacinayi ndi nthawi. Wothamanga wa kumbuyo angathe kuonetsa luso lake lonse ali ndi zaka 20, koma maprop ambiri amafika pacimake ali ndi zaka zapakati pa 26 ndi 32. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Ireland mnyamata amadikira zaka zimenezi akulandira malipiro ndi cisamaliro ca madokotala. M'Zambia ambiri amaleka masewera asanafike msinkhuwo cifukwa cofuna nchito, ndipo amene amapitiriza kawirikawiri ndi amene apeza nchito m'magulu a citetezo kapena m'makampani othandiza makalabu. Apa ndi pamene kalabu monga Green Eagles ili ndi udindo woposa kupambana masewera a Loweruka: ndi amodzi mwa malo ocepa m'cigawo capakati kumene mnyamata wa thupi lalikulu angakhale m'masewerawa mpaka atakhwima.

Mpikisano wa cikho ca dziko lonse wotsatira wa ku Australia udzacitikira ku United States m'caka ca 2031. Mnyamata wa m'Kabwe wobadwa m'caka ca 2011 adzakhala ndi zaka 20 panthawiyo, msinkhu umene Porter anali nao pamene anayamba kusewerera Leinster. Zaka zake zabwino monga prop zidzafika ca m'ma 2039. Mphunzitsi amene adzamuonetse kaweramidwe koyamba, ndi bwalo limene adzaphunzirirepo, ziyenera kupezeka iye akali pasukulu.